Timinda Khumi Topanda Waya

Pa siteshoni yofufuza za mitengo ndi nyama zakutchire, m'tsinde mwa phiri, pankagwira ntchito bambo wina amene aliyense ankawatchula kuti a Nazale. Alendo omva dzinalo koyamba ankayembekezera kuona mzimayi, ndiye kunkatulukira mwamuna wamfupi, wadazi, wamapewa otambalala, atavala ovololo yazigamba m'mawondo. Dzinalo analitenga ku ntchito yawo yakale. Anagwira zaka makumi awiri ndi ziwiri pa nazale ya mitengo ya khonsolo ya tauni, kusefa dothi, kulithira m'machubu, kufesa, kuthirira m'mawa ndi madzulo, mpaka dzina limene anawapatsa makolo linatsalira pachiphaso pokha.

Anali ndi dzanja, monga amanenera anthu. Kamtengo kofota kamene mnzawo wakataya kudzala iwo ankakatola, kukadula mizu yowola, kukaika m'chitini cha penti, pakapita milungu itatu kayamba kuphukira. Kunyumba kwawo pakhonde panalibe poika mpando chifukwa cha zitini. Akazi awo ankauza anzawo kuti analowa m'banja la mitala osadziwa, ndipo mkazi wamkulu ndi mitengo. Ana awo atatu anakula akupunthwa pa zitinizo, ndipo palibe anatengera: wina anakhala namwino, wina makaniko, wotsiriza wokonza mafoni pamsika. Sukulu a Nazale sanapite nayo patali, koma manambala ankalemba oongoka, osafufutafufuta, ndipo kuntchito sankachedwa. Palibe akanaganiza kuti munthu wotereyu angawononge ntchito ya mnzake ya zaka zisanu ndi chimodzi. Koma anaiwononga, ndipo anaiwononga ndi dzanja lomwelo.

Nazale ya khonsolo itatsekedwa, pamalopo n'kumangapo mashopu, iwo anakhala chaka chathunthu akuyenda m'mayadi a anthu ndi sizasi yaikulu, kudulira mipanda ya maluwa. M'mayadi momwemo ndi mmene anawapezera Dokotala. Uyu sanali dokotala wa jakisoni ayi. Anali mayi wophunzitsa ku yunivesite, wa msinkhu wa mwana wawo woyamba, amene mutu wake wonse unali pa mitengo ndi zimene zimaidya. Ankalankhula mawu owerengeka, ndipo akafunsa funso ankangomuyang'ana munthu, kudikira, osamuthandiza kuyankha. A Nazale ankamulemekeza, ndipo pang'ono ankamuopa.

Chimene chinkamuzunguza mutu Dokotala chinali ichi. M'phirimo munali mitengo ya mbawa ikuluikulu, yakalekale, imene chaka ndi chaka inkagwetsa njere. Mvula ikagwa njerezo zinkamera waa, koma pofika chilimwe mbande zonse zinali zitasowa. Nkhalamba zokhazokha, popanda mdzukulu ndi mmodzi yemwe. Ena ankati ndi moto wolusa, ena ankati ndi agwape ndi mbawala. A ofesi ya za nkhalango ankafuna kudziwa zenizeni, chifukwa anali ndi maganizo obzala mbali yonse yakuzambwe ya phirilo, imene inali yadazi ngati a Nazale eni ake. Ngati zikudya ndi nyama, pankafunika waya kuzungulira malo onsewo. Ngati ndi moto, kulambula m'mphepete kunali kokwanira.

Ndiye Dokotala anapima timinda makumi awiri m'phirimo, kalikonse kukula ngati chipinda chogona, n'kutilambulira m'mphepete kuti moto usatifike. M'kamunda kalikonse munabzalidwa mbande makumi atatu, iliyonse ndi kachikhomo ka nambala pambali pake. Timinda khumi anatitchinga ndi waya wa mabowo ang'onoang'ono, wofika m'khosi mwa munthu. Tina khumi anatisiya pamtetete. Mbandezo anafesa ndi a Nazale, kuseri kwa siteshoni, ndipo anazinyamula okha m'mabeseni kukwera nazo phiri.

"Bambo, kuyambira lero ntchito yanu ndi ya maso," anatero Dokotala tsiku lomaliza kubzala. "Lachiwiri lililonse muziyeza kutalika ndi lula, muziwerenga masamba, muzilemba pafomu. Ikafa, mulembe kuti yafa. Osathirira, osapalira, osatchinga. Chofuna kudya chidye."

"Ngakhale ndichipeze chili m'kati modya, a Dokotala?"

"Makamaka pamenepo. Mulembe kuti ndi chiyani, nthawi yanji, chadya zingati."

"Ndamva."

Anamvadi. A Nazale sanali munthu wouma mutu, ndipo tisawanamizire kuti sanamvetse cholinga chake. Ankadziwa kuti timinda topanda wayato tinaikidwa dala kuti chodya chioneke. Anabwerera kunyumba akuseka, kukauza akazi awo kuti pa ukalamba wawo apeza ntchito yongoyang'ana.

Milungu iwiri yoyamba inadutsa bwino. Mlungu wachitatu anapeza m'kamunda ka nambala seveni mbande zinayi zitabudulidwa, kutsala timapesi ngati ndodo za machesi. Analemba. Mlungu wotsatira anakwera phiri m'mamawa, mame asanaume, n'kumupeza mwini wake ali pantchito: gwape wamng'ono, wonenepa bwino, ataima pakati pa kamundako. Ankadya mosafulumira, kubudula nsonga apa, kusuntha phazi, kubudula apo, ngati mayi wosankha tomato pamsika. A Nazale anaima kuseri kwa mwala, nayang'ana wotchi, nalemba nthawi monga anawauzira. Atamaliza kulemba anavula chipewa n'kumugenda nacho.

Gwape anathawa, iwo anatsala atagwada. Mbande iliyonse ankaidziwa kuyambira ili njere. Ya pakona inachedwa kumera, ndipo anaisunga milungu iwiri payokha pamthunzi mpaka italimba. Tsopano inatsala ndi tsamba limodzi. Mtima unawapweteka, ndipo panalibe wowaona. Potsika anadutsa pa mtengo wa mthethe chikwanje chili m'manja. Anadula nthambi zitatu zaminga, nabwerera, naziyala pamwamba pa mbandezo mosamala kuti zisathyole kanthu.

"Kamunda kamodzi sikangasinthe buku lonse," anadziuza.

Koma gwape si chitsiru. Atapeza minga pa seveni anapita pa eyiti. A Nazale anatchinga eyiti. Mbawala inalowa pa leveni, iwo anatchinga leveni. Mwezi wachiwiri usanathe timinda tonse khumi topanda waya tinali titafunda minga, ndipo mthethe wa m'mbali mwa njira unali utametedwa mbali imodzi.

Dokotala ankakhala kumzinda, ndipo ankabwera Lolemba loyamba la mwezi uliwonse, osaphonya. Choncho Lachisanu ndi Loweruka lake a Nazale ankachotsa mingayo, kuikokera kukhwawa, n'kusesa zizindikiro za pansi ndi nthambi ya masamba. Galimoto ya Dokotala ikangochoka Lachiwiri madzulo, Lachitatu iwo ayamba kubwezera. Masiku awiri kuchotsa, masiku awiri kubwezera, mwezi ndi mwezi, popanda wowatuma. M'masiku ochepa amene timindato tinkakhala tosafunda, nyama zinkabwera, kubudula nsonga ziwiri zitatu, kusiya mapazi ndi ndowe. Dokotala akafika ankapeza zonse zili m'malo mwake: mapazi atsopano, ndowe zatsopano, nsonga zingapo zobudulidwa, koma mbande zambiri zili chilili.

"Zikubwera ndithu, koma zikungolawa," anatero tsiku lina atanyonyomala. "Mwina masambawa ndi owawa." Anathyola tsamba pa mbande yomera yokha kunja kwa kamunda, nalitafuna, nalavula nkhope itakwinyika. "Eee, akuwawadi. Munalawapo, bambo?"

"Sindinalawepo, a Dokotala."

"Musalawe."

Analemba m'kabuku kake, a Nazale akuyang'ana kumbali.

Amene ankadziwa anali akazi awo okha, popeza ndi iwo ankazula minga m'manja mwa amuna awo ndi singano, Lamulungu masana, atakhala pansi pakati pa zitini.

"Abambo, ntchito ya maso ija ndi imeneyi? Maso anu ali m'zala?"

"Zulani, musalongolole."

"Mwana wa eni akulemba zabodza chifukwa cha inu."

"Bodza lake liti? Ine ndimalemba zimene ndayeza. Mbande ili moyo ndilembe kuti yafa?"

"Chifundo chinapha nkhwali, abambo. Tambasulani chalacho."

A Nazale anali ndi yankho lina limene sankalinena mokweza. Mumtima ankati mtengo wamoyo sungakhale cholakwa, ndipo tsiku lina anthu adzakhala pamthunzi wake osafunsa za mafomu. Kamodzi kokha anatsala pang'ono kuulula. Chaka chachitatu akazi awo anaterereka kubafa n'kuthyoka mwendo, ndipo amene anawanyamula kupita nawo kuchipatala anali Dokotala, nadikira nawo pabenchi mpaka pulasitala atauma. Pobwerera a Nazale anakhala kumpando wakutsogolo mawu ali kukhosi, koma anawameza, n'kuyamba kukamba za maenje a mumsewu.

Chaka chachinayi mitengo inapitirira pofika pakamwa pa mbawala, makungwa n'kukhwima, ndipo minga inatha ntchito. Yotsala kukhwawa inadyedwa ndi chiswe, mthethe unaphukanso, zipsera za m'manja zinasakanikirana ndi zakale. Panalibenso umboni paliponse. A Nazale anayamba kuyenda m'timindamo mtima uli m'malo, ngakhale kunyada kumene, chifukwa kaya m'waya kaya kunja mitengo inali biriwiri, yoposa munthu. Ophunzira a ku yunivesite ankabwera pa basi kudzaijambula zithunzi.

Chaka chachisanu ndi chimodzi Dokotala analemba lipoti lake. Msonkhano unachitikira m'chipinda chachikulu cha pasiteshoni, chokhala ndi tebulo lalitali, mapu a phiri pakhoma ndi fani yolira ngati ikudandaula. Kunabwera bwana wa ofesi ya za nkhalango, munthu wamimba, wokonda kuseweretsa makiyi a galimoto polankhula. A Nazale anawakhazika pampando wa kukhomo, atavala shati yoyera.

"Mwachidule, Dokotala, waya tiike kapena ayi?" anafunsa bwanayo.

"Ayi. Pa mbande khumi zilizonse, m'waya zapulumuka zisanu ndi zinayi, kunja zisanu ndi zitatu. Kusiyana kwake n'kochepa. Nyama zimangolawa. Muziteteze kumoto basi."

Bwana anakondwa. Waya amene anali atasungidwa kale m'nyumba ya katundu anati atumizidwe kwina kumene akufunika. Mvula ikubwerayo pabzalidwe mbande zikwi khumi ndi ziwiri pa mbali yadazi ija, popanda mpanda. Kenako Dokotala anaimiritsa a Nazale, nati manambala onse a m'lipotilo anachokera m'manja mwa bambo awa, amene sanajombepo Lachiwiri ndi limodzi lomwe. Anthu anawomba m'manja. Ndipo poti pankafunika wofesa mbande zonsezo, panalibenso kufunsana kuti akhale ndani.

Tisabise, miyezi yoyamba a Nazale anasangalala. Anabwerera ku ntchito yawo yeniyeni: sefa, wilibala, keni yothirira, machubu atandanda m'mizere pansi pa shedi. Nkhani ya mbali yadazi ija ankaikankhira mawa. Njere zinamera, mizere inabiriwira, mbande zinafika kutalika kwa chikhatho, kenako kupitirira. Mitambo itayamba kusonkhana masana, anakhala pa chidebe tsiku lina n'kuwerengera kuseri kwa fomu yakale. Mbande mazana atatu zinkawatengera masiku awiri kutchinga. Zikwi khumi ndi ziwiri zikanawatengera masiku makumi asanu ndi atatu, osapuma Lamulungu, ndipo mthethe wa phiri lonse sukanakwana. Anawerengera kawiri, yankho linali lomwelo. Mbande zimenezi zikakwera phiri popanda waya zikukadyedwa, ndipo amene ankadziwa zimenezi anali iwo ndi akazi awo basi.

M'mawa mwake tiyi anawazizirira m'kapu.

"Mwadwala?" anafunsa akazi awo.

"Ayi."

"Ndiye ndi mitengo."

Anawafotokozera. Mayiwo anamvetsera akupaka majarini pa buledi, osadabwa ngakhale pang'ono.

"Kamuuzeni Dokotala."

"Ndikamuuza ndamupha. Lipoti lapita kale kumaofesi, akuti amukweza nalo udindo."

"Munamupha kale chaka choyamba chija, kungoti sanamve. Tsopano mukufuna muphe ndi mitengo yomwe kuti zikwane bwino?"

"Inu simungakandinenere? Azimayi mumamvana."

"Aaa, abambo! Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Minga ya m'manja ndinazula ine, uwu wokha zulani nokha."

Ngakhale zinali choncho anazengereza milungu ina iwiri. Maenje anakumbidwa, zikhomo zinakhomedwa, tsiku lobzala linalengezedwa. Kutatsala masiku khumi Dokotala anabwera kudzaona mbande. Ankayenda pakati pa mizere, kunyamula chubu apa ndi apo, kuyang'ana kunsi kwake, a Nazale akutsatira m'mbuyo chipewa chili m'manja.

"Zili bwino kwambiri, bambo. Koma zisathenso mwezi wina m'machubumu, mizu yayamba kuboola."

"A Dokotala, ndili ndi mawu."

"Nenani."

"Timinda topanda waya tija ndinkatitchinga ndi minga."

Dokotala anabwezera chubu pamalo pake, nachiwongola kuti chikhale mumzere. Kenako anatembenuka n'kuwayang'ana.

"Kamunda kati?"

"Tonse khumi."

"Liti?"

"Kuyambira mwezi woyamba mpaka chaka chachinayi. Ndinkachotsa inu mukamabwera."

Pafupi panali wilibala yovundikira, Dokotala anakhalapo. Sanakuwe, sanalire. Anatulutsa kabuku ndi pensulo n'kuyamba kufunsa ngati akufunsa za nyengo: anayambira kamunda kati, nthambi zingati, ankachotsa tsiku liti, m'masiku opanda minga zinkadyedwa zingati. A Nazale anayankha zonse, pakuti ankakumbukira zonse. Pensulo inathyoka kawiri.

"Tsamba lija ndinalitafuna pamaso panu."

"Munalitafuna."

"Inu n'kumangondiyang'ana."

"Pepani, a Dokotala. Zinkandimvetsa chisoni."

"Mbandezo?"

"Eya."

"Mukanandiuza chaka choyamba ndikanataya chaka chimodzi, bambo. Mwandidyera zisanu ndi chimodzi." Anatseka kabuku. Anali atakwiya kwambiri, koma mkwiyowo analibe pouika, chifukwa woulandira anali munthu wa msinkhu wa bambo ake, atawerama, akupinda chipewa m'manja. "Nanga bwanji mwanena lero? Palibe akanadziwa."

A Nazale analoza mizere ya machubu ndi chibwano. "Izi sindingathe kuzitchinga ndekha."

Dokotala anaseka kamodzi, kuseka kopanda chimwemwe. "Ndiye kuti ngakhale leroli si ine mwandimvera chisoni."

A Nazale anafuna kukana, koma anaona kuti n'zoona.

Madzi akatayika sawoleka. Dokotala anabwerera kumzinda tsiku lomwelo, ndipo zimene zinachitika kumeneko a Nazale anazimva kwa dalaivala wa pasiteshoni, amene ankadikira kunja pafupi ndi zenera. Akuti mayiyo anaimirira pamaso pa mabwana n'kubweza lipoti lake yekha, nati timinda sitinayang'aniridwe mokwanira ndipo wolakwa ndi iye, poti ndiye mwini kafukufuku. Dzina la a Nazale silinatuluke pakamwa pake. Bwana wamakiyi uja akuti anamenya tebulo. Udindo umene Dokotala ankayembekezera unapita kwa wina.

Waya anali atatumizidwa kale kwina, ndipo amene anabwezedwa anangokwana gawo limodzi mwa magawo atatu a malowo. Mbande sizikanadikira chaka china. Choncho mvula itagwa anabzala zonse, zikwi zinayi m'kati mwa waya, zikwi zisanu ndi zitatu kunja. A Nazale ankadikira kalata yowachotsa ntchito, koma m'malo mwake analandira mafomu atsopano.

"Poti zabzalidwa kale, tiziwerenge," anatero Dokotala. "Kunja kwa waya ndasankha mizere makumi awiri, ndaika zikhomo zofiira. Lachiwiri lililonse. Malamulo ndi omwe aja."

"Ndamva."

"Ulendo uja munamvanso."

Anasiya kubwera Lolemba loyamba la mwezi. Tsopano ankangotulukira, kaya Lachinayi, kaya Loweruka, nthawi zina kawiri pamlungu, ndipo asanapereke moni maso ake ankayamba afika pa manja a a Nazale. Iwo ankaona, ndipo zinkawapweteka. Chikwanje anali atachisiya kunyumba.

Chaka chimenecho anaona zimene sanazionepo m'zaka zisanu ndi chimodzi zija. Nthawi ya mvula nyama zinali ndi msipu wambiri, ndipo zinkangobudula za m'mphepete. Udzu utauma, mbandezo zinatsala zokha zobiriwira mbali yonseyo ya phiri. Agwape ankadya nsonga. Mbawala zinkapulula masamba onse n'kusiya ndodo. Nungu zinkakumba kufuna mizu, ndipo nguluwe zikamadutsa zinkagalauza dothi lofewa la m'maenje ngati zatumidwa. A Nazale ankaima, kuyang'ana wotchi, kulemba. Kawiri katatu anapeza gwape ali pa mbande, nadikira mpaka atakhuta n'kuchoka yekha. Kunyumba anachepetsa zolankhula, ndipo akazi awo anasiya kuwaseka.

Chakumapeto kwa chilimwe Dokotala anafika Lachiwiri, nakwera nawo limodzi dzuwa likuswa mtengo. M'kati mwa waya mbande zinali zitafika m'mawondo, mizere yake ikuoneka kuchokera patali. Kunja kunali maenje ndi zikhomo. Pa mzere woyamba, wa mbande makumi asanu, anapeza zamoyo ziwiri. Pa wachiwiri panalibe. Pa wachitatu inalipo imodzi, nayonso yopanda nsonga. Dokotala anatenga mafomu a miyezi yonse, nawatsegula imodziimodzi ali chiimire, mphepo ikufuna kumulanda. Anayang'ana phiri, anayang'ananso mapepala.

"Izi ndiye zoona zake," anatero. "Chaka chamawa malo onse atchingidwa ndi waya, palibe angatsutse." Anawabwezera mafomuwo. "Ndikuona kuti simunakhudze, bambo. Mwagwira ntchito."

"Zikomo, a Dokotala."

Zaka makumi atatu anthu akhala akuwayamikira a Nazale chifukwa cha mitengo yamoyo. Aka kanali koyamba kuyamikiridwa pamalo pamene pafa mitengo zikwi zisanu ndi ziwiri ndi mazana angapo, yofesa okha, iwo akuonerera, ndipo sanakondwe ngakhale pang'ono. Dokotala anatsika kukadikira kugalimoto. Iwo anatsala, chifukwa panali mizere ina khumi ndi isanu ndi iwiri yoti ayende, ndipo pa chikhomo chilichonse pankafunika kuima, kuyang'ana m'dzenje, n'kulemba kuti yafa.